Makandulo Anayi pa Masikii a Madamu

Tsiku loyamba kuwaona ndinawayesa mitengo yopachikira makatani. Ndinanenanso mokweza kuti, "Koma mawindo a nyumba imeneyi ndiye kutalika." Anaphiri anangondiyang'ana, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, amenewo ndi masikii." Munthu wanzeru akanapepesa n'kubwerera pa ntchito yake. Ine ndinayankha kuti, "Ndikudziwa, ndimangokuyesani." Zonse zimene ndikuuzeni apazi zinaswedwa ndi kabodza kameneko.

Ndimagwira ntchito yaulonda pa nyumba ina yosanjikizana ku Jumeirah Village Circle kuno ku Dubai. Sukulu ndinalekeza folomu 2, koma kuwerenga sindinasiye. Ndimawerenga chilichonse: malangizo a pa chozimitsira moto, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, mabuku amene anthu amasiya pafupi ndi mabini akamasamuka. Anzanga ananditcha a Pulofesa, ndipo dzinalo ndimalikana pakamwa pokha. Vuto langa ndi limodzi. Ndikawerenga masamba awiri a nkhani iliyonse, mumtima mumabwera kamphepo kondiuza kuti zotsalazo anazilembera anthu ochedwa kumva.

Anaphiri ndi mlongo wathu wa ku Dedza. Amalera ana m'banja lina la ku Norway pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi, ndipo akhalamo zaka zinayi. Madamu awo, mayi wamtali wokonda kuseka, ankanyamuka Lolemba kupita kwawo. Anali atagwirizana ndi anzawo a kusukulu kuti akayende masiku angapo m'nkhalango pa chipale chofewa, chija ena amati sinowo. Masikii awo si aja otsetserekera kuchokera pamwamba pa phiri amene timaona pa TV. Ndi aatali, oonda, oyendera ngati munthu akukhwekhwereza mapazi, potsika ndi pokwera pomwe. Anali atagona zaka zisanu ndi chimodzi m'chipinda chosungiramo katundu, fumbi lili mbuu. Madamu ankadandaula kuti akafika kwawo sakakhala ndi nthawi yowakonzetsa.

Apa ndi pamene Anaphiri anatsegula pakamwa. Anati pansi pano pali munthu wakwathu wowerenga kwambiri, palibe chimene chimamukanika.

Amene simunagwirepo ntchito ya m'nyumba kunja kuno mwina simungamvetse kulemera kwa mawu amenewo. Munthu wantchito m'nyumba ya eni alibe chake chenicheni kupatula mawu ake. Akanena kuti mwana wadya, akhulupiriridwe. Akanena kuti uyu ndikumudziwa, akhulupiriridwe. Pa zaka zinayi zonsezo Anaphiri anali asanatchulepo munthu aliyense kwa mabwana awo, ngakhale wachibale. Woyamba ndinali ine, katswiri wa mitengo ya makatani.

"Musandichititse manyazi," anatero pondipatsa chikwama chachitalicho Lachinayi madzulo.

"Anaphiri, kabuku kalimo?"

"Kalimo."

"Ndiye khalas, nkhani yatha. Kagoneni tulo."

Ndinakwera ndi chikwamacho basi ya kampani mpaka ku Ras Al Khor kumene timagona. Za ulendowo ndingonena kuti nthawi iliyonse imene ndatembenuka kuti ndipepese kwa munthu amene ndamugunda, ndinkagunda wina.

Lachisanu linali tsiku langa lopuma. Ndinayala manyuzipepala panja pa chipinda chathu, pamthunzi, n'kukhuthula chikwama. Munali masikii awiri, ndodo ziwiri, jombo, kachidutswa ka phula lobiriwira, kabotolo kakang'ono ka madzimadzi, ndi kabuku kaja. Tsamba loyamba linati pukutani fumbi. Ndinapukuta. Tsamba lachiwiri linati sungunulani phula ndi simbi yositira, lidonthere kunsi kwa sikii, mulisite kuti lifalikire, likazizira mulipale, kenako mukweche ndi bulashi. Ndinaseka ndekha. Ndiye azungu anafunika kulemba buku pa zimenezi? Ndinatseka kabuku n'kukakhalira kuti kasauluke.

Muyenera kudziwa kumene ndinakulira. Ndinaleredwa ndi azakhali ku Chilomoni, ndipo Loweruka lililonse ntchito yanga inali kupolisha m'nyumba. Polishi wogula tinalibe. Tinkasungunula makandulo mu chitini, kuthiramo palafini, kupaka pansi, kenako kuvina pa bulashi mpaka thukuta kamukamu. Pamene simenti inakumbika tinkathirapo phula lochuluka kuti pafanane ndi pena ponse. Azakhali ankabwera n'kuyendetsa chala pansi, maso ali kudenga. Chala chikangokodwa penapake, ntchito inkayambanso. Ndiye ine ndinakula ndikudziwa chinthu chimodzi motsimikiza: chokhakhala chilichonse ndi manyazi a mwini nyumba.

Nditatembenuza masikii aja ndinamva chisoni. Kutsogolo kunali kosalala, kumbuyo kosalala, koma pakati, pamene pamakhala phazi, panali pokhakhala ngati mamba a chambo, mizeremizere, kutalika kwake kuposa mkono wanga. Ndinati kutentha kwa Dubai kulibe chisoni, taonani mmene kwang'ambira katundu wa eni. (Zoti kutentha sikung'amba zinthu m'mizere yofanana bwinobwino ngati yoyeza ndi rula, zinandifikira patapita tsiku lathunthu.)

Simbi ndinakabwereka m'chipinda choyandikana ndi chathu, kwa ba Tembo. Iwowa ndi a ku Chipata, amalondera pa hotela ina kufupi ndi Festival City, ndipo yunifolomu yawo amaisita ngati akupita kokajambulitsa.

"Manje imwe ba Pulofesa, simbi yanga mufuna kuchita nayo chani?"

"Sayansi, ba Tembo."

"Sayansi yamene ifuna simbi ya munthu wina niiyopa ine."

Anandipatsabe, n'kubwera ndi mpando wawo kudzaonerera.

Phula la madamu linathera kutsogolo ndi kumbuyo. Pofika pa mamba paja, amene ankamwa phula ngati mchenga, ndinalibe kanthu. Ndinathamangira ku kagolosale ka pakona n'kugula makandulo anayi oyera. Palafini ndinafunsa, kunalibe, ndipo mpaka lero ndimathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Ndinadontheza kandulo m'kamba kalikonse, kusita, kudontheza, kusita. Kenako ndinapala, n'kukwecha. Nditamaliza, munthu akanatha kumetera ndevu pa masikii amenewo. Ndinayendetsa chala kuchokera kumutu mpaka kumchira, maso ali kumwamba ngati azakhali. Sichinakodwe paliponse.

Ba Tembo anaweramira pafupi.

"Manje zija zokhakhala zija, ngati anaziika dala?"

"Ba Tembo, munaonapo chinthu chatsopano, chodula, chimene anachipanga chokhakhala dala?"

Anaganiza pang'ono. "Matayala."

Ndinawauza kuti za galimoto n'zina, za chipale n'zina, ndipo ndinawabwezera simbi yawo osaipukuta.

Loweruka ndinkalowa ntchito masana, koma ndinafika m'mawa ndi chikwama changa. Ndikanangokwera nacho pamwamba n'kukapereka, mwina nkhaniyi ikanathera ku Norway, ine kulibe. Koma mtima unati katswiri weniweni amayesa kaye ntchito yake. Kuseri kwa nyumba yathu kuli kachulu kosewererapo ana, kokutidwa ndi kapinga wa pulasitiki. M'munsi mwake muli kadziwe ka ana aang'ono, madzi ake olekeza m'mawondo. Anyamata oyeretsa anali atangotsuka kapingayo ndi paipi, ali chonyowa, ndipo panalibe munthu.

Ndinavala jombo za madamu. Zinandikula, moti ndinachita kuvala masokosi awiri (zimenezi zinandipweteka mtima kuposa mmene ndikanafunira). Ndinakwera kachulu wapansi, ndinakoleka jombo pa masikii, ndinagwira ndodo, n'kudzikankha.

Abale, ndisaname. Kunali kukoma. Kachuluko n'kakafupi, ulendo wonse sunakwane ndi mphindi yomwe, koma ine mwana wa ku Chilomoni, amene chipale ndinangochiona mufiriji, ndinauluka. Mphepo inandiwomba m'makutu. Ndinamva mawu akukuwa kuti "yalla", "tiyeni" wa Chiarabu uja, ndipo anali anga. Ndinakaima bwinobwino pafulati, masitepe angapo kuti ndifike pa kadziwe, ndipo ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mboni.

Kenako ndinati ndikwerenso.

Kutembenuka kokha kunanditengera nthawi, chifukwa sikii yakumanja inkaponda yakumanzere ngati zili ndi mlandu. Nditaloza kumtunda ndinaponya phazi kutsogolo. Linabwerera. Ndinaponya linalo. Linabwereranso, n'kupitirira pamene linachokera. Ndinkayenda ndithu, miyendo ikugwira ntchito, thukuta likutuluka, koma kachulu kanali pomwepo. Ndinazika ndodo n'kudzikoka ndi manja okha. Mwanjira imeneyo ndinafika pakati. Pamenepo mphuno inayamba kuyabwa, ndipo ndinadzutsa ndodo imodzi.

Kutsetsereka chafutambuyo kulibe kukoma kulikonse. Suona kumene ukupita, umangokumbukira zimene zili kumeneko. Ndinadutsa pafulati paja ngati sindikupadziwa, ndipo ndinakakhala pansi m'kadziwe, thibu, ndi yunifolomu yanga yonse. Masikii anatsala ali m'mwamba, atapingasa ngati miyendo ya chiwala.

Mboni zija ndinkazifuna zinalipo. Zinali pa khonde la nsanjika yachisanu ndi chimodzi, zikumwa tiyi.

Anatsika onse awiri, madamu ndi Anaphiri. Madamu anayamba afunsa ngati ndavulala, akuyesetsa kugwira pakamwa. Anandithandiza kumasula jombo, ananyamula sikii imodzi n'kuitembenuza. Anayendetsa chala chachikulu pakati paja. Kuseka kunatha.

"Mamba aja apita kuti?"

"Ndawakonza, madamu," ndinatero, madzi akutsika m'thalauza. "Anali atang'ambikang'ambika."

Anakanda ndi chikhadabo, kanyenyeswa koyera n'kugwa. Anakanunkhiza.

"Kandulo?"

"Anayi."

Anandifotokozera modekha, ngati mmene amalankhulira ndi ana awo. Anati mamba amenewo ndiwo moyo wa sikii yamtundu umenewu. Ukamapita kutsogolo amagona, sikii n'kumatsetsereka. Ukaponda kuti udzikankhe, amaluma chipale, ndiye sikii sibwerera m'mbuyo. Masikii ena amafuna phula lomata pakatipo kuti agwire, koma awa anawapangira mamba kuti munthu asavutike ndi zimenezo. Popanda mamba, kachitunda kalikonse ndi khoma. Ndinakumbukira matayala a ba Tembo ndipo ndinayang'ana kumbali.

Sanakalipe. Anangotembenukira kwa Anaphiri n'kunena kuti, "Unati amawerenga." Anaphiri anayang'ana pansi, manja ali kumbuyo, ngati mwana wa sukulu. Mayi amene amalamula ana a eni ndi diso lokha, ataima choncho chifukwa cha ine. Kugwera m'madzi kuja sikunali kanthu poyerekeza ndi zimenezo.

Kenako anadzutsa mutu n'kundifunsa m'Chichewa, mawu ali pansipansi.

"Kabuku kaja kali ndi masamba angati?"

"Asanu ndi limodzi."

"Inu mwawerenga angati?"

"Ofunikirawo."

"Achimwene."

"Awiri."

Anakatulutsa m'chikwama, anatsegula tsamba lachitatu n'kundigwiritsa m'manja. Pamwamba penipeni, m'zilembo zakuda zikuluzikulu zoti ngakhale wodutsa pa njinga angawerenge, panalembedwa kuti phula lotentha lisayandikire pamene pali mamba. Panalinso chithunzi cha simbi chodulidwa ndi mzere wofiira, kuchitira anthu osadziwa kuwerenga.

Ndinapempha madamu kuti andipatse mpaka Lamlungu 5 koloko madzulo. Anayang'ana masikii, anayang'ana Anaphiri, n'kuvomera. Anaphiri analowa mu lifiti osandiyang'ana.

Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga n'kubwerera ku Ras Al Khor. Mu basi ndinawerenga kabuku konse, kawiri, mpaka adiresi ya kumapeto. Ndinakhala pamthunzi pomwe paja ndi timitengo totokosera m'mano, khadi lakale la basi, ndi mswachi wanga (ndinali ndi umodzi wokha, koma chilango chimayenera kumveka). Ntchito inali yotokosa kamba kamodzikamodzi, kuchotsa kandulo osakanda pulasitiki. Kuthira kunanditengera ola limodzi. Nditatokosa maola awiri ndinali nditayeretsa malo osakwana chikhatho.

Ndili choweramira choncho ndinaona nsapato zonyezimira zitaima patsogolo panga. Ba Tembo anatembenuka n'kundionetsa kumbuyo kwa thalauza lawo la ntchito. Panali chigamba chonyezimira, chooneka ngati mapu, pamalo oti sindingatchule.

"Sayansi yanu iyi," anatero. "Supavaiza anifunsa ngati nakhalira keke."

Ndinapepesa ndi mtima wonse. Anaima kanthawi akundiyang'ana ndikulimbana ndi kamtengo kanga.

"Ni mlongo uja wa ku Dedza anakutchulani?"

"Eya."

"Mwamugwetsa."

"Ndikudziwa."

Anapita m'chipinda mwawo. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma anabwera ndi mpando, atavala kabudula, n'kutenga sikii inayo. Pofika Lamlungu m'mawa tinalipo asanu, kuphatikizapo mnyamata wina wa ku Nepal amene anati kwawo chipale amachionera patali ndipo sanaganizepo zochipondaponda. Wina anabweretsa tiyi wa karaki, uja wamkaka wothira zonunkhira. Ba Tembo ankauza aliyense wodutsa kuti kwathu anthu amapala mamba pa nsomba, koma kuno ku Dubai tafika powabwezeretsa. Anandilamulanso kuti ndiziwerenga kabuku mokweza, tsamba lachitatu katatu, onse akuyankha "amen".

M'masamba amene ndinawanyoza aja munali zinthu zabwino. Kabotolo kaja kanali ka phula lamadzimadzi, lopaka pang'ono chabe pa mamba n'kukwecha ndi bulashi motsatira kumene agonera, kuti chipale chonyowa chisamatirire n'kuundana kunsi ngati matope a dzinja pa nsapato. Munalinso kuti masikii akakhala olimba kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwa munthu, mamba safika pansi, ndiye sagwira ngakhale akhale oyera bwanji. Analembamo ndi njira yoyesera, ya pepala wamba.

Lamlungu 5 koloko isanakwane ndinali pa malo olandirira alendo. Madamu anatsika, Anaphiri ali pambuyo, akadali ndi chitenje cha kutchalitchi. Madamu anatembenuza sikii. Anayendetsa chala cha kumchira, chinatsetsereka. Anachibweza cha kumutu, chinakodwa, krrr. Azakhali akanamva kaphokoso kameneko akanandibweza kukayambanso. Ine ndinamva ngati nyimbo.

Ndinapempha kuti tiyese za pepala zija. Ndinagoneka masikii pansi, madamu anaimapo, ine ndinagwada n'kulowetsa pepala kunsi kwa phazi lawo. Ataima ndi miyendo yonse iwiri, pepala linkayenda momasuka, kusonyeza kuti mamba ali m'mwamba ndipo sawakoka potsetsereka. Nditawauza kuti aime ndi mwendo umodzi, pepala linapanikizika, osasunthanso.

"Agwira, madamu," ndinatero. "Kulemera kwanu kukukwanira bwinobwino."

Anaphiri anatseka maso. Ndinazindikira mochedwa zimene ndinauza mayi wa eni. Koma madamu anaseka mpaka kutsamira khoma, akuti buledi wa ku Dubai wagwira ntchito yake. Atapuma anagwira Anaphiri paphewa.

"Unanena zoona, amawerengadi. Kungoti amafuna ayambe wanyowa."

Anaphiri anamwetulira pang'ono, kumbali imodzi. Madamu atalowa mu lifiti ndi katundu wawo, iwo anatsalira.

"Ndikadzakutchulaninso," anatero, "kabukuko ndidzayamba ndawerenga ine."

"Ndiye kuti mudzanditchulanso?"

"Musathamange. Muli pa tsamba loyamba."

Lachitatu masana Anaphiri anatsika ndi foni m'manja. Madamu anali atatumiza kavidiyo. Dziko lonse loyera, mitengo yoyera, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, ndipo iwo akukwera chitunda chachitali, phazi ndi phazi, osabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono. Atafika pamwamba anatembenukira ku kamera, anakweza ndodo n'kukuwa dzina langa la Pulofesa lija. Kavidiyoko ndaonetsa aliyense amene ali ndi maso: oyeretsa, oyendetsa basi, munthu wobweretsa madzi. Za kadziwe sindiyambitsa ndine, ngakhale ndaona kuti aliyense amazidziwa kale.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine sindinadye, ndinangolipaka pa katundu wa eni, ndipo ndikufuna kukhulupirira kuti ndinaphunzirapo kanthu. Sabata yatha munthu wina posamuka anasiya makina ometera tsitsi pafupi ndi mabini, ali m'bokosi lake, kabuku kali momwemo. Ndinali nditakhala panja pa chipinda chathu ndikuwerenga, ndili chakumapeto kwa tsamba lachiwiri, kamphepo kaja katayamba kundiwomba mumtima, pamene ba Tembo anatulukira akuchokera kuntchito. Anayang'ana makina, anayang'ana kabuku, n'kubwezera chipewa kumutu.

"Ba Pulofesa, iyo buku muyambire pa peji 3," anatero. "Na mutu wanga muleke kuuyangana so."